Kutsuka thabwa lodulirapo zakudya ndi zinthu zopezeka m'khitchini

Chiyambi

Mphunzitsi mnzanga, musanapitirize kuwerenga, tayambani mwapita kukhitchini mukatenge thabwa limene mumadulirapo nyama ndi ndiwo zamasamba. Ngati mulibe, tengani mthiko, chipande kapena kamtondo kosinjiramo mtedza. Chiikeni pambali pa buku lino. Chiyang'aneni bwino pamalo owala, mupalase ndi chikhadabo m'mizere imene mpeni unasiya, kenaka muchinunkhize. Zimene mwaona ndi kumva musaziiwale, chifukwa tizibwererako kawirikawiri.

Mukamamaliza phunziro lino muyenera kutha kufotokoza mmene mtengo umasungira chinyezi ndi litsiro, ntchito imene mchere, mandimu, viniga, soda ndi phulusa zimagwira potsuka, ndiponso pamene mphamvu ya zinthu zimenezi imathera. Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri timaphonya.

Zaka zingapo zapitazo ndinali pa maphunziro a alangizi a sukulu za kwacha. Tsiku lotsekera anatiphera nkhuku. Amayi amene ankatiphikira anali aukhondo ndithu: mipango kumutu, manja osamba, mbale zonyezimira. Koma thabwa linali limodzi. Atadula nkhuku zija, mayi wina analipukuta ndi kansalu, nalitikita ndi ndimu mpaka fungo lonse litatha, basi n'kuyamba kudulirapo kabichi ndi tomato za saladi. Ine ndinaona, koma sindinanene kanthu, paja mlendo sadzudzula wophika. Patapita masiku awiri kapena atatu, aliyense ali kwawo, uthenga unayamba kuyenda wakuti uyu watsekula m'mimba, uyunso chimodzimodzi. Nkhuku zija zinapsa bwino. Chimene sichinaone moto ndi kabichi uja.

Mtengo umamwa madzi

Mtengo ukakhala wamoyo umakoka madzi kuchokera kumizu kupita kumasamba kudzera m'timipita ting'onoting'ono tambirimbiri. Ukadulidwa n'kuchekedwa matabwa, timipitati sititsekeka. N'chifukwa chake thabwa limamwa madzi, magazi, mafuta ndi msuzi, makamaka kumapeto kwake kumene timipitati tinadulidwa mopingasa. Limafufuma likanyowa, limanyala likauma, ndipo zimenezi zikamachitika mobwerezabwereza limapindika kapena kung'aluka.

Pamwamba pa zimenezi pali mizere ya mpeni. Mzere uliwonse ndi kangalande kamene kamasunga tizidutswa ta chakudya. Tizilombo toyambitsa matenda timafuna zinthu zitatu kuti tichulukane: chakudya, chinyezi ndi kutentha pang'ono. Thabwa lonyowa, losatsukidwa bwino, losiyidwa m'khitchini mwezi wa Okutobala lili nazo zonse zitatu. Zinthu zikakhala bwino chotere, mabakiteriya ena amatha kugawika pawiri mphindi 20 zilizonse.

*Ntchito yoyamba.* Tengani pepala. Yambani ndi kachilombo kamodzi nthawi ya 12 koloko masana, ndipo muziwirikiza kawiri mphindi 20 zilizonse kufikira 7 koloko madzulo, nthawi yodula ndiwo za mgonero. Mwapeza tingati?

Ngati mwawerengera bwino, mwawirikiza ka 21 ndipo mwapeza 2,097,152. Masamu omwewa mukhoza kuchita ndi ophunzira anu a makalasi apamwamba. Amawakonda chifukwa poyamba nambala imakwera pang'onopang'ono, kenaka imathamanga.

Tsono mwina mukuti, ngati zili choncho, bwanji osangotaya matabwa n'kugula a pulasitiki? Maganizo amenewa anali ofala kwambiri, ngakhale pakati pa alangizi a zaumoyo. Koma mu 1994 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Wisconsin ku America, Nese Ak, Dean Cliver ndi Charles Kaspar, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa nkhaniyi. Iwo anapaka dala mabakiteriya pa matabwa a mtengo ndi a pulasitiki. Anapeza kuti pa thabwa la mtengo loyera, madzi okhala ndi mabakiteriya aja ankalowa mkati m'mphindi zochepa, ndipo mabakiteriya ambiri sankapezekanso pamwamba. Pa pulasitiki ankakhalabe pamwamba, ndipo pakakhala chinyezi ankachulukana usiku wonse. Pulasitiki watsopano amatsukika mosavuta, koma akadzaza mabala a mpeni amavuta kuyeretsa ndi manja.

Musamve molakwika. Kafukufukuyu sananene kuti mtengo umadziyeretsa wokha ndiye tileke kutsuka ayi. Matabwa amene anamwa mabakiteriya msanga aja anali oyera. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti thabwa la mtengo si mdani, malinga likhale lotsukidwa, lopanda ming'alu, ndipo lipatsidwe nthawi youma.

Chilichonse ndi ntchito yake

Tiyambe ndi mchere. Mchere wamibulu ndi wabwino kuposa wosalala chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kukwecha. Mibulu ija imalowa m'mizere ya mpeni n'kutulutsa zimene zinakanirira. Mchere umakokanso madzi, monga mmene umachitira pa nsomba kapena nyama yofutsa. Koma nsomba imakhala mumchere masiku, pamene thabwa limakhala nawo mphindi zisanu. Nthawi imeneyi ndi yochepa kuti tizilombo tonse tife, ndipo tilipo tina timene timapirira mchere.

Mandimu ndi viniga zonse zili ndi asidi. Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse. Asidi ndi katswiri pochotsa fungo la nsomba. Fungo lija la usipa, kapenta kapena chambo limachokera ku tinthu tina ta mtundu wa alikali timene timauluka mumpweya. Tikakumana ndi asidi timasanduka mtundu wa mchere umene suuluka, ndiye mphuno siimvanso kanthu. Asidi amathandizanso kuchepetsa madontho, ndipo amapha ena mwa mabakiteriya akapatsidwa nthawi. Ena, osati onse. Apa ndi pamene mayi uja anapusitsidwira: mphuno inamuuza kuti thabwa layera, chonsecho mphuno imangodziwa za fungo. Salmonella ndi Campylobacter, tizilombo tiwiri timene timapezeka kawirikawiri mu nkhuku yaiwisi, tilibe fungo lililonse limene munthu angalimve.

Soda wophikira, yemwe uja timathira mu therere, ndi alikali wofatsa. Mukamusakaniza ndi madzi pang'ono kuti akhale ngati phala lolimba, amakwecha mosawononga thabwa, amathandiza kuchotsa mafuta, ndipo amachepetsa fungo la anyezi ndi adyo.

Phulusa ndilo ndikufuna tilikambe mofatsa, chifukwa lili pakhomo paliponse pamene amaphikira nkhuni, ndipo silifuna ndalama. Agogo athu ankakwechera miphika ndi mithiko phulusa kalekale sopo asanafike m'magolosale. Sankalakwitsa. Phulusa la nkhuni likanyowa limatulutsa alikali wamphamvu kuposa soda, ndipo alikali ameneyu amasungunula mafuta. Ndi mphamvu yomweyi imene ili mu chidulo, madzi aja ochezedwa m'phulusa amene amafewetsa ndiwo. Ngakhale sopo weniweni anthu akale ankapanga pophika mafuta pamodzi ndi madzi a phulusa. Choncho pamene palibe sopo, phulusa ndi madzi otentha ndiye mlowam'malo wabwino kuposa zonse zimene tatchulazi.

Koma si phulusa lililonse. Likhale la nkhuni kapena makala okhaokha, lozizira, lotapidwa pakati pa mafuwa, losefedwa kuti muchotse timiyala ndi timakala. Phulusa la kudzala kumene munatenthedwa majumbo, mabatire ndi zinyalala zina lisayandikire chakudya. Chimodzimodzi la matabwa opentedwa kapena othiridwa mankhwala a chiswe. Phulusa lonyowa limawawulanso khungu mukaligwira nthawi yaitali, choncho kwechani ndi chisononkho cha chimanga kapena burashi, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona kawirikawiri: munthu kuwaza soda pathabwa, n'kuthirapo viniga kapena madzi a mandimu, n'kumasangalala ndi thovu lija. Thovulo limaoneka ngati ntchito ikugwirika kwambiri. Zoona zake n'zakuti asidi ndi alikali zikukanganirana zokhazokha, ndipo zotsala zake ndi madzi, mtundu wina wa mchere ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Mphamvu ya soda yatha, ya viniga yathanso. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zonse ziwiri, yambani ndi soda kapena phulusa, tsukuluzani, kenaka mubwere ndi mandimu.

*Ntchito yachiwiri.* Fululani tiyi wopanda mkaka, mumugawe m'matambula atatu oonekera mkati. M'tambula yoyamba finyirani ndimu. M'yachiwiri thirani soda pang'ono kapena madzi a phulusa. Yachitatu isiyeni. Lembani mmene mtundu wasinthira. Kenaka thirani madzi a mandimu pang'onopang'ono m'tambula yachiwiri ija. Mwaona chiyani? Tiyi wa mandimu amayera, wa soda amada, ndipo mandimu akalowa mwa wakuda uja mtundu umayamba kubwerera. Ophunzira akaona zimenezi ndi maso, simuvutikanso kuwafotokozera chifukwa chimene sitisakanizira ziwirizi. Tiyi ameneyu ndi woyesera chabe, asamwedwe.

Katsukidwe kake

Thabwa litsukidwe nthawi yomweyo mukangomaliza kudula, zotsalira zisanaume. Choyamba palani ndi msana wa mpeni zonse zimene zamatirira. Ngati pali magazi, yambani mwatsukuluza ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amaphika magazi n'kuwamatiza m'mizere, monga dzira limalimbira pamoto. Chitani zimenezi kutali ndi mbale zoyera ndi zakudya zakupsa, popeza madontho amadumpha, ndipo madziwo mukawataye kumene ana sasewera.

Kenaka kwechani mwamphamvu ndi madzi otentha ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo palibe. Tsatani mizere ya mtengo pokwecha, ndipo musaiwale kuseri ndi m'mbali. Gawo limeneli, kukwecha ndi kutsukuluza, ndilo limachotsa tizilombo tochuluka kuposa gawo lina lililonse. Sizitengera mankhwala odabwitsa, zimatengera dzanja. Tsukuluzani ndi madzi oyera othira kuchokera m'kapu kapena pampopi, osati kuviika m'beseni momwe mwatsukira kale mbale zina. Madzi ake akhale oti mukhoza kumwa. Madzi okayikitsa amabweretsa pathabwa matenda amene panalibe, monga kolera, yemwe anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023, nachedwetsanso kutsekulira sukulu ku Zambia kumayambiriro kwa 2024.

Mchere ndi mandimu zimabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo si za tsiku lililonse. Kamodzi pa sabata, kapena pamene mwadula nsomba, wazani mchere wodzaza dzanja pathabwa lachinyezi, dulani ndimu pakati, mukwechere mbali yodulayo uku mukufinya. Siyani kwa mphindi zisanu kapena khumi, palani, tsukuluzani. Ngati si nyengo ya mandimu, viniga wosasungunula agwira ntchito yomweyo.

Tsopano kuumitsa, kumene ambiri amakuona ngati si gawo la kutsuka. Musapukute ndi kansalu kaja kamene kamapukuta chilichonse m'khitchini. Kansalu konyowa kamasunga tizilombo tambiri ndipo mungobwezera pathabwa zimene mwachotsa. Liimikeni thabwa chilili pa thandala kuti mphepo ipite mbali zonse ziwiri. Mukaligoneka, kunsi kumakhala konyowa, kumwamba kouma, ndiye limapindika ndi kuchita nkhungu. Dzuwa limathandiza, makamaka chifukwa limaumitsa msanga, koma kuwala kwake kumangofika pamwamba, sikulowa m'ming'alu. Likauma lichotseni, kulisiya padzuwa lamphamvu tsiku lonse ndi kuliitanira ming'alu, fumbi, ntchentche ndi nkhuku zokwera pathandala. Ndipo musaliviike m'madzi usiku wonse ati kuti lifewe litsiro. Mthiko wa nsima nawonso chimodzimodzi: uviikeni kanthawi kochepa kuti nsima ichoke, osati kugona m'mphika wa madzi mpaka m'mawa.

Nyama yaiwisi

Mu 2001 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mfundo zisanu za chakudya chosayambitsa matenda. Yachiwiri mwa mfundozi imati tizilekanitsa zakudya zaziwisi ndi zakupsa. Tanthauzo lake pa thabwa ndi losavuta. Nyama, nkhuku ndi nsomba zikupita pamoto, ndipo kutentha kwa madigiri 70 kukafika mpaka mkati tizilombo tambiri timafa. Koma tomato wa saladi, anyezi wa pa tchipisi, chipatso, buledi ndi nyama yophikaphika sizidzaonanso moto. Chilichonse chimene zatola pathabwa chikupita m'mimba.

Njira yodalirika ndi kukhala ndi matabwa awiri, lina la zaziwisi, lina la zodyeratu. Alembeni chizindikiro: bowo kapena kachingwe pa limodzi. Ena amati angogwiritsa ntchito mbali ziwiri za thabwa limodzi. Ine sindiikonda njira imeneyi, chifukwa magazi amayenderera m'mbali, ndipo mbali yoyera ija ndi imene imagona patebulo pamene mukudula nyama. Ngati thabwa lilidi limodzi, sinthani ndondomeko: yambani kudula zodyeratu, muziike pambali zovindikira, nyama ibwere pomaliza. Mpeni ndi manja nazonso zitsukidwe.

Pamene mukuphikira anthu ambiri, monga pasukulu yogonera konko, pa ukwati kapena pamaliro, kapena pamene m'nyumba muli khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba kapena wodwala amene thupi lake lili ndi chitetezo chochepa, mandimu asakhale chodalira chanu. Mukatsuka thabwa la nyama, lithireni madzi owira kumene, kapena madzi a kulorini: supuni yaikulu imodzi ya Jik wopanda zonunkhiritsa m'malita 4 a madzi. Siyani mphindi zingapo, tsukuluzani, imikani liume. Chenjezo lalikulu: kulorini asakumane ndi viniga kapena mandimu. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawononga mapapo.

Dziwaninso kuti matenda ochokera m'chakudya sayamba nthawi yomweyo. Salmonella amatha kutenga maola 6 mpaka masiku angapo, Campylobacter kawirikawiri masiku awiri mpaka asanu. N'chifukwa chake anthu amanamizira chimene adya m'mawa womwewo, kapena kuyamba kuganizira anzawo zoipa, thabwa lili phee pakona.

Kusamala thabwa kuti likhalitse

Thabwa labwino ndi la mtengo wolimba, monga mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, ku Mozambique umbila, ku South Africa kiaat. Paini ndi wofewa, mpeni umamukumba msanga. Musapangire thabwa lodulirapo zidutswa zotsala pomanga nyumba ngati zinathiridwa mankhwala. Matabwa aja obiriwira pang'ono nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala a aseniki. Pulayiwudi ndi matabwa omata utuchi nazonso ayi, chifukwa cha guluu wake komanso zimafufuma.

Thabwa likayamba kuoneka lotuwa ndi louma kwambiri, limafuna mafuta kuti lisamamwe madzi ambiri. Mafuta ophikira amathandiza kwa kanthawi, koma amavunda m'kati mwa mtengo n'kuyamba kununkha chiwawa ndi kunanda. Abwino ndi phula la njuchi losungunula, kapena mafuta oyera opanda fungo amene amagulitsidwa ku famase ndi dzina lakuti liquid paraffin. Pano samalani kwambiri pophunzitsa. Kwathu kuno munthu akamva "parafini" amaganiza za uja wa mu nyali. Ameneyo ndi poizoni, ndipo asakhudze chiwiya chilichonse cha chakudya. Ngati mukuona kuti ophunzira angasokoneze, ingotchulani phula basi.

Mizere ya mpeni ikazama, pitani nalo kwa kalipentala alipale, kapena likwecheni ndi sandipepa. Apa mtengo umaposa pulasitiki, chifukwa umabwereranso mwakale. Koma likang'aluka, kapena likachita madontho akuda a nkhungu amene sakuchoka ngakhale mutapala, ntchito yake yatha. Mtondo wosinjira mtedza uyang'anitsitseni pansi pake. Mafuta a nsinjiro ndi chinyezi zikakhalitsa m'menemo mumamera chuku. Ukwecheni, muupendeke kuti madzi atuluke ndi mphepo ilowe, ndipo uume musanauvundikire.

Kukaphunzitsa ena

M'mabuku ambiri a zapakhomo mumakhala chithunzi cha khitchini ya sinki ndi mpopi wa madzi otentha. Ophunzira anu ambiri sakhala m'nyumba yotere, ndipo ena kwawo kulibe n'komwe thabwa lodulirapo. Mayi amadulira masamba m'manja, nyama amaidulira pa chipika, pa lichero kapena pa mbale yovundikira. Mukangoyamba ndi mawu akuti "thabwa lodulirapo", theka la kalasi liganiza kuti phunziroli ndi la anthu a m'tauni. Yambani ndi funso: kwanu nyama amadulira pati, nanga pamenepo amatsuka bwanji? Muwafunsenso za chipika cha wogulitsa nyama kumsika ndi thabwa la wokazinga tchipisi pa chiwaya. Mayankho awo ndiwo akhale poyambira.

Mukamaphunzitsa akuluakulu, kumbukirani kuti mukulankhula ndi anthu amene aphika zaka zambiri kuposa inu. Mukawauza kuti njira zawo ndi zachikale, angokuyang'anani mwaulemu n'kukapitiriza zomwezo. Ayambe iwo kufotokoza mmene amagwiritsira ntchito phulusa ndi thandala, inu muvomereze zimene zili zoona, zomwe ndi zambiri, kenaka muwonjezere ziwiri zokha: kulekanitsa zaziwisi ndi zodyeratu, ndi kusakhulupirira mphuno. M'kalasi ya kwacha mawu ngati "phulusa" ndi "mthiko" ndi abwinonso pophunzitsira kuwerenga maphatikizo, popeza aliyense ali ndi choti anenepo.

*Ntchito yachitatu.* Ngati pasukulu panu ana amalandira phala, kapena pali khitchini ya ogonera konko, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu mukacheze ndi ophika. Musapite ngati woyendera ntchito. Pitani ngati wophunzira. Onani mithiko ikuluikulu yotakasira phala: imatsukidwa nthawi yanji, ndi madzi ochokera kuti, imaumira pati, imagona pati usiku? Ilipo yong'aluka? Lembani tsamba limodzi la zimene mwaona, ndipo musankhe chinthu chimodzi chokha chimene chingasinthidwe popanda kugula kanthu. Kambiranani ndi ophikawo ngati n'chotheka, mulembenso zimene ayankha, kenaka mutumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi mayankho a ntchito yoyamba ndi yachiwiri.